Mlendo amene ndinamukokera m'tchalitchi

Mwezi wathawu kutchalitchi kwathu ku Kawale anandiika mu komiti yolandira alendo, ndipo ine ndinaitenga ntchitoyo ngati andipatsa unduna. Anatigawira timabaji, ine mpaka kupita ku Tsoka kukasaka tayi wa pa kaunjika kuti zigwirizane.

Mpingo wathu ndi uja woti aliyense alowe. Pakhomo anamanga potsetsereka kuti a njinga za olumala azilowa okha, kutsogolo kumaima mtsikana womasulira ulaliki m'chinenero chamanja, komanso tili ndi mabanja a ku Congo amene anakhalako ku Dzaleka, iwowa akayambitsa kolasi ya Chiswahili tonse timavina ngakhale ambirife timangomvapo "Yesu" basi. Akulu a mpingo amene amatsogolera komitiyo anatilangiza kuti munthu akaima pa geti osayamba kumuyang'ana nsapato, kaya wavala zong'ambika, kaya akununkha kachasu wadzulo, mulowetseni, ndipo ena amachita manyazi ndiye muziwakoka pang'ono.

Ndiye Lamulungu limenelo dzuwa lili ng'aa, ndikuona mnyamata wina waima pa geti, jekete lalikulu kutentha konseko, akusuzumira m'kati, kubwerera, kusuzumiranso. Ndinati eya, wamanyazi uja ndi ameneyu.

"Takulandirani achimwene, lowani!"

"Ayi bwana, ine ndikungodikira..."

"Tonsefe tikudikira achimwene, tikudikira kubweranso kwa Ambuye, koma tizidikirira m'katimu pali mthunzi."

Anayesa kuloza ku mtengo wa mango uko, ine ndinali nditamugwira kale mkono. Anati "koma njinga", ine ndinati Mulungu aisunga, palinso mlonda. Ndinadutsa naye pakati penipeni kwaya ikuimba, n'kukamukhazika benchi yachiwiri kutsogolo pakati pa amayi awiri a duku loyera, malo oti ngakhale utafuna kuthawa sungatulukepo. Ndinamupatsa buku la nyimbo, ndinamutsegulira ndi tsamba lomwe. Akati adzuke ine ndimamukodola ndili ku khomo kuti khalani, muli kwanu. Nthawi ya chopereka ndinamuona akupisa m'thumba monyinyirika n'kuponya kandalama m'mbale, mtima wanga unachita kuti myaa, ndati taonani nkhosa yotayika yayamba kale kupereka.

Ulaliki tsiku limenelo unatalika, abusa anali pa nkhani ya Zakeyu ndipo anachedwa kumutsitsa mumtengo muja.

Kenako zolengeza. Mlembi anati alendo aimirire tiwadziwe. Mnyamata uja sanaimirire, ine ndinathamanga ndi maikolofoni n'kumuimiritsa ndekha, anthu kuwomba m'manja, amayi ena mpaka nthungululu.

Anakhosomola kaye. "Zikomo abusa, zikomo mpingo. Ine dzina langa silofunika kwenikweni. Ndine wa kabaza. Ndinanyamula amayi ena kuchokera ku depoti, anati alibe zosintha alowe akatenge kwa mwana wawo, ndiye ndakhala ndikudikira K2,000 yanga kuyambira 8 koloko. Amayi ake ndi awo avala chitenje chobiriwirawo."

Mpingo wonse unatembenuka kutsata chala chija. Ndi ine ndemwe ndinatembenuka, ndili ndi chidwi chofuna kuona munthu wopanda manyazi ameneyu.

Apongozi anga.

Amayi a mkazi wanga enieni, amene anafika m'mawa womwewo kuchokera ku Dedza n'kulunjika kutchalitchi, ndipo atalowa anapeza nyimbo yawo ya pamtima ili pakati ndiye za kabaza zinathera pomwepo. Anaphimba nkhope ndi chitenje. Mkazi wanga anandiyang'ana diso lija loti tikakambirana kunyumba. Choipa kwambiri, mtsikana womasulira uja sanasiye ntchito, anamasulira zonse, manja akupotokola ngati akuwotcha njinga yamoto, kenako zala ziwiri m'mwamba, kenako kuloza apongozi, moti anzathu osamva ndi amene anayamba kuseka ena tonse tisanayambe. Bambo wina wa ku Congo anafunsa mnzake kuti chachitika n'chiyani, atamuuza anagwa pa benchi.

Abusa anayesetsa kuugwira mtima koma mapewa ankagwedezeka. Anangoti, "Wolandira alendo wathu akonza nkhaniyi panja."

Panjapo mnyamata uja anatulutsa foni n'kuyamba kuwerengera. K2,000 ya ulendo, maola atatu amene akanakhala akunyamula anthu pa siteji, kuphatikizanso K500 imene anaponya m'mbale, akuti anapereka chifukwa amayi a duku aja amamuyang'anitsitsa. Ndinati yachopereka ija ndiye yapita kwa Mulungu achimwene, iye anati Mulunguyo amene munandilowetsa kwa Iye ndinu. Ndinalipira zonse, ndipo tiyi ndi mandasi a alendo anadyanso, atatu.

Pano amaimika njinga yake pa geti Lamulungu lililonse tikamaweruka, makasitomala ndi mpingo wonse, ndipo a kwaya akumunyengerera kuti ali ndi besi yabwino. Apongozi anakana kumukweranso, pobwerera ku depoti anayenda wapansi.