Timu yanu ya non-league ikayamba kununkhira ligi ya pamwamba

Febuluwale akafika timu yanu ili pa nambala 2 kapena 3, maso onse amakakamira pa tebulo la ligi. Koma mu mpira wa ku England wa pansi pa maligi anayi akuluakulu, womwe eni ake amautcha non-league, tebulo silinena zonse. Kidderminster Harriers inatenga ligi ya Conference, yomwe lero ndi National League, mu 1994 koma sinakwere. Macclesfield Town inaona zomwezo mu 1995, Stevenage Borough mu 1996. Zaka zitatu zotsatizana akatswiri anatsala pomwe anali chifukwa mabwalo awo sanafike pa mlingo wofunika tsiku loikika lisanadutse. Sapota amene akufunadi kuti timu yake ikwere ayenera kudziwa masiku, malamulo ndi ndalama monga momwe amadziwira mapointi, ndipo pa timu yaing'ono dzanja lake limafika pa zonsezi.

Choyamba dziwani khomo limene mukulimbirana. Pansi pa matimu 92 a Premier League ndi EFL (English Football League, maligi atatu otsatira Premier League) pali makwerero omwe amawerengedwa m'masitepe. Sitepe 1 ndi National League, ya matimu 24. Sitepe 2 ndi National League North ndi National League South. Pa sitepe 3 pali magulu anayi a Northern Premier League, Southern League ndi Isthmian League, pa sitepe 4 pali magulu 8, ndipo zikupitirira choncho mpaka sitepe 6. Pafupifupi ponseponse gulu lililonse limakweza matimu awiri basi: yotenga ligi, ndi yopambana m'masewero achipulula a kumapeto kwa nyengo. Khomoli ndi lopapatiza kwambiri. Mu 2022-23 Notts County inapeza mapointi 107 koma inathera pa nambala 2, pambuyo pa Wrexham ya mapointi 111, ndipo inakwera movutikira pogonjetsa Chesterfield pa mapenate ku Wembley. York City inapeza 96 mu 2024-25, inatuluka m'chipulula, ndipo amene anakwera pamodzi ndi Barnet anali Oldham Athletic omwe anathera pansi pawo patali. N'chifukwa chake matimu a National League akhala akumenyera kuti okwera kupita ku EFL azikhala atatu, ndipo ine ndikuona kuti akunena zoona.

M'chipulula nambala imene mwathera ndi chuma. Pa sitepe 1 ndi 2 amalowa matimu a pa nambala 2 mpaka 7. Ya pa 4 imalandira ya pa 7, ya pa 5 imalandira ya pa 6, pomwe ya pa 2 ndi ya pa 3 zimadikira opambanawo pakhomo pawo zitapuma. Pa sitepe 3 ndi 4 amalowa anayi okha, 2 ndi 5, kenako 3 ndi 4. Masewero onsewa ndi amodzi amodzi, palibe achibwereza. Choncho ngakhale mwayi wotenga ligi utatha, masewero a mu Epulo sakhala ongomalizitsa. Kusiyana kwa nambala 3 ndi nambala 4 mu National League ndi masewero athunthu a mphindi 90, mwina 120, m'miyendo ya osewera omwe atopa kale.

Powerenga tebulo, musayang'ane mapointi okha. Gawani mapointiwo ndi masewero omwe timu yasewera. Mapointi awiri pa masewero alionse ndiwo mayendedwe a timu yofuna ligi, kutanthauza 92 pa masewero 46 kapena 84 pa masewero 42. Ndipo musamawerengere masewero omwe timu yanu yatsalira nawo ngati mapointi atatu atatu ali kale m'thumba. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Chifukwa chake n'chakuti masewero otsalirawo adzaseweredwa pa nthawi yoipitsitsa.

Apa ndi pomwe matimu ambiri amagwera, ndiye tichedwepo. Kuyambira Disembala mpaka Febuluwale mvula ndi chisanu zimalepheretsa masewero pa mabwalo a udzu. Nyengo siitalikitsidwa, imatha kumapeto kwa Epulo, ndiye masewero olephereka onse amaunjikidwa mu Malichi ndi Epulo. Timu imapezeka ikusewera Loweruka nthawi ya 3 koloko, Lachiwiri 7:45 usiku, nthawi zina Lachinayinso, n'kubwereranso Loweruka. Pansi pa National League osewera ambiri ali ndi ntchito zina. Amaweruka, n'kukwera basi maola awiri kapena atatu, kusewera, kufika kunyumba pakati pa usiku, m'mawa n'kulawirira kuntchito. Masiku awiri okonzekera pa sabata, omwe nthawi zambiri ndi Lachiwiri ndi Lachinayi, amadyedwa ndi masewero, moti mphunzitsi sapeza mpata wokonza cholakwika chilichonse. Minofu ya m'ntchafu imayamba kuduka. Makadi achikasu nawonso amakhala ataunjikana, ndipo osewera amaphonya masewero pa nthawi yomwe gulu lachepa kale.

Mankhwala ake ali pa bwalo, ndipo ndi ntchito ya manja yomwe masapota angathe. Nyengo ikalosera chisanu, malona ofunditsa udzu amayalidwa nthaka isanaume gwa, Lachinayi kapena Lachisanu masana, osati usiku chisanu chitagwira kale, chifukwa mukatero mwangotsekera kuzizirako pansi. Amachotsedwa Loweruka m'mawa dzuwa litatuluka, ndipo pamafunika anthu ambiri chifukwa lona lonyowa limalemera. Malo oyamba kuuma ndi pagolo ndiponso mbali imene imakhala mu mthunzi wa shedi. Madzi akadikha, nthaka imabooledwa ndi foloko ya kumunda kuti madziwo alowe pansi, koma gulu la anthu likamapondaponda pamatope limatseka timabowo tomwe timamwa madzi, ndiye mverani wosamalira bwalo, akati lero musalowemo musalowemo. Masewero akatha, zibuma za udzu zomwe nsapato zazula zimabwezeretsedwa pomwepo mizu isanaume. Woyimbira akabwera kudzayendera bwalo amaona ngati mpira ukugudubuzika ndi kudumpha, ndiponso ngati zipolopolo za nsapato zikulowa m'nthaka. Masewero amodzi opulumutsidwa mu Januwale ndi Lachinayi limodzi lopumula mu Epulo.

Mu Malichi muli masiku awiri oyenera kulembedwa pakhoma. Loyamba ndi Lachinayi lachinayi la mweziwo, pomwe kalembera wa osewera amatsekedwa 5 koloko madzulo. Likadutsa, timu imamaliza ndi amene ili nawo. Goloboyi wachiwiri kapena wogoletsa wobwereka ku timu yaikulu ayenera kufika tsikuli lisanakwane. Dziwaninso kuti osewera ambiri pa masitepe apansi alibe kontirakiti, ndipo timu ina ikhoza kungolemba kalata yopereka masiku 7 n'kuyamba kukambirana ndi katswiri wanu. Timu imene ikuchita bwino ndiyo imaberedwa kwambiri.

Tsiku lina loyenera kulembedwa ndi 31 Malichi, pomwe bwalo liyenera kukhala litafika pa giredi yofunika. Oyendera amayeza kuwala kwa magetsi, amawerenga mipando ya pansi pa denga ndi zipata zolowera, amaona malo oimirira okhala ndi denga, simenti yozungulira bwalo, mpanda wotchinga kuti anthu asaonere kunja, kukula kwa zipinda zosinthira, zimbudzi, ndi njira yotetezeka ya osewera ndi oyimbira. Ku National League bwalo limafunika kulowa anthu 4,000 ndi mipando 500, pa sitepe 2 anthu 3,000. Timu ikakwera imapatsidwa mpaka 31 Malichi wotsatira kuti imalize zonse za giredi yatsopano, ndipo ikalephera nkhwangwa imaigwera ngakhale ili pakati pa tebulo. Chimene chimapha ambiri ndi kuchedwa kuyamba. Shedi yatsopano kapena mitengo ya magetsi imafuna chilolezo cha khonsolo, chomwe mwa lamulo chimatenga masabata 8 pa ntchito yaing'ono, ndipo anthu oyandikana ndi bwalo akadandaula za kuwala chimachedweratu. Thandizo la Premier League Stadium Fund, thumba lothandiza matimu kukonza mabwalo, lilipo, koma timu iyenera kuikapo gawo lake. Komiti imene yayamba kuganiza za bwalo mu Febuluwale yachedwa kale. Pitani ku misonkhano ya masapota mukafunse mafunso atatu osazungulira: bwalo lili pa giredi iti, chatsala n'chiyani, ndipo mgwirizano wa malowo watsala zaka zingati. Funso lomalizali si lachabe. Mu 2024 Gateshead inathera pa nambala 6 koma inachotsedwa m'chipulula chifukwa sinathe kusonyeza EFL mgwirizano wa zaka 10 wogwiritsa ntchito bwalo lake.

Bwalo la udzu wapulasitiki lili ndi mbali ziwiri. Silitaya masewero chifukwa cha mvula, ndipo limabweretsa ndalama sabata yonse pobwereketsa kwa ana ndi matimu ena. Koma EFL siililola. Harrogate Town mu 2020, Sutton United mu 2021 ndi Bromley mu 2024 zinazula mabwalo awo zitangokwera, ndipo Harrogate inayamba yasewerera masewero ake a pakhomo ku Doncaster podikira udzu.

Munthu amene ndimamulemekeza kwambiri pa timu yaing'ono ndi mlembi, yemwe nthawi zambiri salandira kalikonse. Fomu imodzi yolakwika imafufuta ntchito ya miyezi. Mu 2007 AFC Wimbledon inalandidwa mapointi 18 chifukwa choseweretsa Jermaine Darlington popanda chilolezo chochokera ku bungwe la mpira la Wales, pakuti anali atasewerera Cardiff City ya ku Wales. Itachita apilo chilangocho chinatsika kufika pa mapointi atatu, koma si timu iliyonse imapeza mwayi wotere. Ngati mumatha kulondoloza mapepala, kathandizeni mlembiyo kusunga kaundula wa makadi ndi zilango, kuti wosewera woletsedwa asalowe m'bwalo mwangozi.

Za ndalama, pa masewero a ligi za pachipata zimatsala kwa eni bwalo, ndiye munthu aliyense amene mwabwera naye amawerengedwa. Tiyerekeze chipata ndi mapaundi 12. Anthu 300 owonjezera ndi mapaundi 3,600 tsiku limodzi, osawerengera bala, tiyi ndi chakudya, komwe matimu ambiri amapezako phindu lenileni. Gulani pulogalamu, gulani tikiti ya mpikisano umene theka limapita kwa wopambana theka ku timu, imwerani mu bala ya timu m'malo mwa ya kunja. Matimu ambiri ali ndi thumba limene masapota amasonkhamo mwezi ndi mwezi kuti mphunzitsi awonjezere wosewera. Mapaundi 10 pa mwezi kuchokera kwa anthu 200 amathandiza kuposa chopereka chachikulu cha kamodzi, chifukwa mphunzitsi amatha kulonjeza malipiro akudziwa kuti ndalamayo ibweranso. Koma funsani komwe ndalama zina zonse zikuchokera. Timu ikamalipira osewera zoposa zomwe imapeza, modalira thumba la munthu mmodzi, tsiku lomwe munthuyo adzatope timu imatha. Rushden & Diamonds inakwezedwa ndi chuma cha Max Griggs wa nsapato za Dr. Martens, inalowa mu Football League, yomwe lero ndi EFL, mu 2001, koma pofika 2011 inali itatheratu. Macclesfield Town inatsekedwa ndi khothi mu 2020 chifukwa cha ngongole. Kukwera kogula ndi ngongole ine sindikufuna, ngakhale kutakoma bwanji mu Meyi.

Tsiku la masewero, mawu anu amamveka, pakuti mwaima mamita ochepa kuchokera pa mzere. Mnyamata wa zaka 19 amene waphonya penate amamva dzina lake likamatukwanidwa, ndipo Lachiwiri adzafunikanso. Pa mabwalo ambiri masapota sapatulidwa, amaima kuseri kwa golo lomwe timu yawo ikugoletsako n'kusinthana mbali pa nthawi yopumulira. Ulendo wa Lachiwiri usiku koyenda ndiwo umafuna anthu kwambiri, ndipo anthu 60 oimba pa bwalo la anthu 250 amasintha masewero. Musananyamuke onani ngati bwalo layenderedwa ndipo masewero alipodi. Zautsi ndi zophulika zisiyeni kunyumba. Chindapusa chake chimagwera timu, ndipo pa udzu wapulasitiki zimaotcha malo omwe kukonza kwake n'kodula.

Chipulula chikafika zinthu zimathamanga. Pakati pa masewero omaliza a ligi ndi oyamba achipulula pamakhala masiku ochepa, matikiti amagulitsidwiratu pa intaneti, ndipo oyamba kupatsidwa mwayi ndi a matikiti a nyengo yonse ndi mamembala. Bwalo lomwe limalandira anthu 600 likayembekezera 2,500 pamafunika olondolera anthu, ogulitsa pachipata, oyang'anira magalimoto ndi othandiza mu bala, kuwirikiza kangapo kuposa masiku onse, ndipo mayina awo amafunika sabata isanafike. Konzekeraninso mphindi 30 zoonjezera ndi mapenate poona nthawi ya sitima yomaliza.

Mukakwera, nkhani ya maulendo imayamba pomwepo. FA, bungwe loyendetsa mpira ku England, ndiyo imagawa matimu m'magulu potengera mapu, ndipo timu ya pakati pa dziko ikhoza kuponyedwa kumpoto kapena kumwera. Bishop's Stortford, ya pafupi ndi London, inaseweretsedwa mu National League North. Truro City itakwera mu 2025 n'kukhala timu yoyamba ya ku Cornwall mu National League, inapeza ulendo wa ku Gateshead wa mamailosi oposa 900 kupita ndi kubwerera. Pa mlingo umenewo malamulo a mowa amasinthanso, kumwera poonekera bwalo n'koletsedwa, moti ndalama za bala zimatsika pa nthawi yomwe za basi, hotelo ndi malipiro zikukwera. Matikiti a nyengo yotsatira akatuluka mu Meyi gulani msanga, chifukwa mu Juni ndi Julaye mulibe masewero a ligi, ndipo ndalama zimenezo ndi zomwe mphunzitsi amasainira osewera ndiponso zomwe komiti imayambira ntchito za bwalo za 31 Malichi wotsatira.