Mbiri ya moyo wanga, gawo 6: Zimanga zitatu za atsibweni

Zikomo nonse amene munalemba pansi pa gawo lapitali, makamaka mayi a ku Mchinji aja amene anati anawerenga misozi ili chuchuchu pokumbukira mwana wawo. Pepani mayi, Mulungu akutonthozeni. Koma pali bambo wina amene anafunsa kuti, "Sukulu inali yaulere, nanga unasiyiranji ngati sunali waulesi?" Bambo, khalani pansi, gawo lino ndalembera inu.

Zoona, inali yaulere. Ndinali m'gulu la ana amene tinakhamukira ku pulayimale mu 1994, a Bakili Muluzi atachotsa fizi. Tinkakhala pansi pa mtengo wa mango, bolodi atalitsamiritsa pa tsinde, ndipo palibe tsiku ndinajomba mwadala. Bambo atamwalira, monga ndinafotokozera m'gawo 4, ndinapitirizabe. Chimene chinandichotsa m'kalasi, ndili Sitandade 7, ndi njala ya 2002.

Amene munali ku Kasungu nthawi imeneyo mukudziwa. Nkhokwe yathu inatha Okutobala asanathe. Mbuzi ziwiri zimene bambo anasiya tinazigulitsa pa mtengo wa nkhuku, chifukwa mudzi wonse unkagulitsa ndipo wogula ndi amene ankatchula mtengo. Ufa unkagulidwa m'timapepala ta pulasitiki tija tinkati wokimani, kamodzi kongokwana phala la ana awiri. Gaga, amene kale tinkathira nkhumba, anasanduka ndiwo ndi nsima yomwe. Pofika Febuluwale, mwezi umene boma linalengeza kuti dziko lili pa ngozi ya njala, ife tinali tikusinja zitsinde za nthochi ndi kuwiritsa nkhwani wopanda mchere.

Mlongo wanga wamng'ono uja, amene ambiri munamukonda m'gawo 3, anali ndi zaka zinayi. Anayamba kutupa mapazi, kenako masaya. Tsitsi linafiira n'kumathothoka ukangoligwira. Azimayi a m'mudzi ankanong'onezana kuti ndi tsempho, kuti amayi adumpha mwambo, ndipo mawu amenewo anawabaya amayi kuposa njala. Mwana sankaliranso. Ankangokhala pakhonde, maso ali pa msewu, ntchentche zikumutera pakamwa osazipirikitsa.

Atsibweni, mchimwene wawo wa amayi, mwini mbumba yathu, anali ndi dimba kudambo ndipo chimanga chawo chinacha msanga. Amayi anapitako kawiri kukapempha ganyu. Ulendo wachiwiri anabwera ndi kambale ka gaga atapalira tsiku lonse.

Usiku wina mlongo wanga ananena mawu amodzi okha, "dowe." Sanapemphe, anangotchula ngati akulota. Ndinadikira amayi agone, ndinatuluka. Ndinathyola zimanga zitatu. Zitatu, ndikubwereza, chifukwa mpaka lero pali achibale amene amati linali thumba. Mlonda wa atsibweni anandigwira ndisanatuluke m'dimba.

Anandimangirira pa mtengo wa mthethe pabwalo pawo mpaka kunacha. Zimanga zija anandikoleka m'khosi ndi luzi. Anthu opita kumunda ankaima, ena anzanga a m'kalasi. Mkwapulo sindiukumbuka kwenikweni, ngakhale zipsera zilipo pamsana. Chimene sichichoka m'maso mwanga ndi amayi akubwera chothamanga, chitenje chili m'manja, n'kugwada m'matope pamaso pa mchimwene wawo. "Achimwene, ndapota nanu, mwanayu ndi wanu yemwe. Menyani ine." Atsibweni anayang'ana kumbali n'kunena kuti, "Mlongo, ukulera mbava." Amayi anakhalabe chogwada, manja ali m'mwamba, mpaka dzuwa linatentha. Ine ndinkafuna nthaka ing'ambike ndilowe. Chaka chimenecho m'midzi ina anthu ogwidwa m'minda ankadulidwa makutu, choncho ena anandiuza kuti ndithokoze. Ndinali ndi zaka 14, sindinapeze chothokoza.

Zimangazo sanatipatse. Anaziponyera nkhumba zawo ine ndikuona.

Sindikunena kuti kuba n'kwabwino, ndipo ana anga ndimawaletsa ngakhale kutola bango losakhala lawo. Koma amene munandinena mu 2015 kuti ndine wouma mtima chifukwa sindinagone pa maliro a atsibweni, tsopano mwamva. Chipepeso ndinatumiza, bokosi ndinathandiza kugula. Kukhala pansi pa mthethe uja usiku wonse n'kumaimba nyimbo, ndinalephera. Mwini mbumba ntchito yake n'kuteteza ana a mlongo wake, si ulemu wongolandira nkhuku pa chinkhoswe ayi.

Patapita masiku awiri amayi anabereka mlongo wanga kumbuyo, ine ndikuyenda pambuyo ndi kamtolo, mpaka kuchipatala cha mishoni. Namwino anadina phazi la mwana ndi chala, dzenje linatsala osabwerera. Anati, "Mayi, uyu si tsempho, ndi kuperewera zakudya m'thupi." Amayi analira pomwepo, ndipo ndikukhulupirira kuti ena mwa misozi ija inali ya mpumulo, poti wina wawachotsera mlandu umene mudzi unawasenzetsa. Anagonekedwa milungu itatu, mwana akumwa mkaka wa kuchipatala pang'onopang'ono, kenako Likuni Phala. Tsiku limene anakankha dzanja la amayi n'kulanda supuni kuti adye yekha, wodi yonse inaseka.

Ku sukulu sindinabwerere chaka chimenecho. Sindikanatha kukhala benchi limodzi ndi ana amene anandiona ndi zimanga m'khosi. Ndinapita ku esiteti ya fodya kukasoka masamba, zaka ziwiri zinathera m'zigafa. Mayeso a Sitandade 8 ndinalemba mu 2005 pa sukulu ina, ndili wamkulu kuposa onse m'chipindamo, ndipo ndinasankhidwa kupita ku sekondale yoyendera.

Lero mkazi wanga amadabwa kuti mwezi wa Meyi uliwonse, ndisanagule ngakhale nsapato, ndimayamba ndagula matumba a chimanga, kuthira mankhwala a anankafumbwe n'kutsekera kuchipinda. Thumba limodzi limapita kwa mlongo wanga uja, amene pano ali ndi ana atatu ake. Za dimba lija sakumbuka kalikonse, ndipo ndinali ndisanamuuzepo. Ndamuimbira foni dzulo madzulo kuti amve kwa ine asanawerenge pano. Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anafunsa kuti, "Achimwene, zipsera zija munkati munagwa mu mtengo wa mango?"

Gawo 7 ndidzafotokoza za ku esiteti, ndi munthu amene anandilipirira fizi ya Fomu 1.