Miyezi 6 osagona pa benchi la ku emergency

Ndikulemba thupi lili lefu, koma mtima uli m'malo. Lero mnyamata wanga wakwanitsa miyezi 6 osathamangira naye ku emergency. Inu amene mukudziwa kuti chaka chatha tinapitako ka 11, simudabwa kuti misozi ikungotsika yokha. Ambuye, ulemerero ndi wanu.

Sickle cell, matenda a magazi amene mwana wangayu anabadwa nawo, sapangana nawe nthawi. Maselo ofiira aja akapindika ngati chikwakwa amatseka timitsempha ta magazi, mwana n'kumalira ngati wina akumuphwanya mafupa. Kwathu zinkakonda usiku, makamaka kukazizira mu June ndi July, kapena malungo akangomukhudza. Panado sankaphula kanthu, mpaka dripi ndi morphine.

Aneba anga a njinga yamoto, ndiyambire pati? Ndinkagogoda 2 koloko usiku, inu n'kutuluka jekete lili m'manja kuti timufunditse mwana. Za mafuta simunandifunsepo. Tsiku lija magazi ake atatsika kufika pa 4, ine nditangoti kakasi pakhonde, munapinda malaya n'kukapereka anu. Akazi anunso zikomo, phala lija linkafika lotentha.

Zikomo anesi amene munandikokera pambali n'kundiuza kuti ndisamadikire mwana agwe kaye, ndizipita naye ku kiliniki pa masiku ake. Kumeneko ndi kumene adokotala anamuyambitsa hydroxyurea, mankhwala ochepetsa kupindika kwa maselo aja. Pano ndi mankhwala tsiku lililonse, folic acid, botolo la madzi m'chikwama cha kusukulu, neti usiku, juzi kukangoyamba kamphepo. Thupi likatentha sitidikira kuche. Sanachire ayi, matendawa ndi oyenda nawo, koma akugona.

Enanu a kuchimuna amene munkanong'ona kuti ndinakhwimira mwana kuti geni yanga iyende, ndipo ku wodi simunapondeko ngakhale ndi nthochi imodzi: matendawa mwana amatengera kwa makolo onse awiri. Ine ndi bambo ake tinayezetsa, tonse tili nako kambewu kake, ndipo zikatero pa mimba iliyonse mpata woti mwana abadwe nawo matendawa ndi 1 mwa 4. Ndiye magazi a kwanu alimonso. Ndakukhululukirani, koma ndinamva.

Aneba, ndabwereranso kwa inu. Mwana akuti akadzakula adzakugulirani njinga yatsopano. Ine panopa ndili ndi tambala yekha, Loweruka mubwere ndi banja lonse. Koma foni musamazimitse usiku, June akubwera.