Zikomo nonse amene munandiyendetsa

Abale anga, lero ndapita ndekha pamsika wa Chitakale n'kubwerako, ndodo ili kuseri kwa chitseko. Patha miyezi 12 chindichitireni opaleshoni ya bondo ku Blantyre, ndiye ndati ndisakhale chete.

Mukukumbukira momwe nyamakazi inandipindira. Zaka zonse zija ndikuthyola tiyi, dengu kumsana, bondo linkatha pang'onopang'ono mpaka mafupa anayamba kukhulana okhaokha. Madokotala anachotsa poperepesekapo n'kuikapo chitsulo ndi pulasitiki. Mawa lake lomwe a mafizo anandiimiritsa. Ndinawanenera zoipa mumtima, andikhululukire. Ana anga munasonkha ndalama zija, Mulungu abwezere pomwe munachotsa.

Asananditulutse, ochita kafukufuku anandipempha kuti azitsatira mayendedwe anga. Anandiwerengera chikalata m'Chichewa, nati ndikatopa nditha kusiya, thandizo langa silisintha. Ndinasayina. Ndikapita ankandikhazika pampando: ndidzuke, ndiyende mamita 3, nditembenuke, ndikhalenso, iwo maso ali pawotchi. Tsiku loyamba ndinachedwa mpaka manyazi anandigwira. Kenako anandimata kachipangizo pantchafu kowerenga mapazi omwe ndaponda pa tsiku.

Kachipangizo kameneka kanandiutsira mapiri pachigwa. Kuno ku Mulanje mphekesera za anamapopa za mu 2017 sitinaziiwale, ndiye ena anayamba kunong'ona kuti ndikugulitsa magazi. Zikomo amfumu, munakagwira ndi manja anu pabwalo anthu akuona, nkhani n'kuthera pomwepo.

Ine ndinkaganiza kuti mafizo ndi a kuchipatala basi. Mtsikana wina wa kafukufukuyo, msinkhu wa mwana wanga wotsiriza, anati: "Amayi, ulendo wa kumjigo uja, kusesa pabwalo, kukathyola nandolo, zonsezo tikuwerenga." Mawu amenewo ndi omwe anandichotsa pamkeka. Zikomo mwanawe.

Amayi a Mvano, munkasinthana kundiperekeza m'mawa uliwonse, ngakhale mu Juni chiperoni chitaphimba phiri lonse. Bambo a kunyumba anamanga chokhalira chokwera m'chimbudzi, poti kunyonyomala sikutheka. Anyamata a kabaza, munkazemba mabampu chifukwa cha ine, ndinkaona.

Kugwada kokha n'kumene sikunabwerere bwino. Akuluakulu, mukandiona ndikupereka moni choimirira, si mwano ayi, ndi chitsulochi. Lamulungu likubwerali ndiyenda wapansi kupita kutchalitchi. Tikaweruka mudzere kunyumba, kalongonda ndayamba kale kumuphika.