Nsomba ya ku Senegal padenga la alandilodi

Aphunzitsi athu a Chifalansa, bambo wa ku Bukavu amene anakhalapo ku Dzaleka, anati galamala yokha sikwanira. Aliyense asankhe dera lolankhula Chifalansa, alifufuze, adzafotokoze m'kalasi kwa mphindi khumi. Anzanga anathamangira France ndi Belgium, mayi wina wogwira ntchito kubanki anatenga Quebec, chigawo cha ku Canada. Ine, pofuna kuoneka wozama, ndinati Senegal.

Zolemba sizinavute. Dzikolo linalandira ufulu mu 1960. Pulezidenti woyamba, Léopold Sédar Senghor, anali mlakatuli, ndipo mu 1983 anakhala munthu woyamba wa ku Africa kusankhidwa ku Académie française, bungwe la ku France losamalira chilankhulo cha Chifalansa. Chifalansa ndi cha boma ndi kusukulu, koma kumsika ku Dakar chimene chimamveka kwambiri ndi Chiwolofu. Ndikanalekera pomwepo, bwenzi ndili ndi ulemu mpaka lero. Koma ndinawerenganso za ceebu jën, mpunga wophika ndi nsomba, tomato, chinangwa, kabichi ndi karoti, chakudya cha mumzinda wa Saint-Louis ku Senegal komweko, chimene UNESCO inachiika pamndandanda wa zachikhalidwe mu 2021. Mumtima ndinati anzanga abwere ndi mapepala, ine ndibwera ndi poto.

Chimene chimakometsa mpungawo ndi kachidutswa ka guedj, nsomba yoivundika kuti isase pang'ono, kuithira mchere wambiri, kenako kuiumitsa padzuwa. Mumsika wa ku Lilongwe ndinafunsa mpaka amayi a usipa anayamba kundiseka. Basi, ndinagula milamba iwiri yaiwisi, ndinaivundika m'beseni, mchere ndinathira mouma manja poti unali wakukhitchini kwa madamu, n'kuyanika padenga. Unali mwezi wa February. Anthu a ku Senegal amaumitsa nsomba zawo padzuwa lenileni, pamphepo ya kunyanja. Kwa ife ku Kawale kunali mvula ya mawawa.

Zoyamba kubwera zinali ntchentche zobiriwira zija. Kenako ana a aneba anayamba kudutsa pakhomo atagwira mphuno. Loweruka m'mawa alandilodi anagogoda.

"Achimwene, mwaliona fungoli? Ndikuganiza kuti dzenje la chimbudzi ladzaza."

"Zoonadi bwana, nanenso ndakhala ndikudabwa," ndinayankha maso ali pansi kuti asayang'ane kudenga.

Masana galimoto yopopa zimbudzi inafika. Anapopa, anatsuka, ananyamuka, fungo lili pomwepo. Madamu anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Inu bambo, Chifalansa chanucho chitithamangitsa m'nyumba muno."

Tsiku lofotokoza ndinaphika panja, pambaula. M'buku amati kachidutswa, koma ine nditavutika chonchija ndikanataya bwanji zotsala? Milamba yonse inalowa mupoto. M'minibasi kondakitala anandilipiritsa mipando iwiri chifukwa palibe anafuna kukhala pafupi nane, ndipo agogo ena kumbuyo anafunsa mwaulemu ngati ndikupita kumaliro kapena ndikuchokerako.

M'kalasi ndinayamba bwino ndithu. Dzina la Senghor ndinalitchula monga amatchulira Mfalansa weniweni, aphunzitsi akugwedeza mutu. Nditafika pa chakudya ndinavundukula poto. Mayi wa Quebec uja anatuluka osatsanzika, chikwama n'kusiya pampando. Mnyamata wa Belgium anatsegula mawindo onse, limodzi mpaka linathyoka chogwirira.

Aphunzitsi okha ndi amene analimba mtima. Anatenga supuni, analawa, anatafuna pang'onopang'ono maso akulengeza misozi.

"Mwana wanga, kwathu ku Congo makayabu, nsomba yamchere ija, ndadya kuyambira ndili wakhanda. Anzanga a ku Senegal ndadya nawo mbale imodzi. Ichi si chakudya cha dziko lililonse. Usadzanenenso kuti n'cha ku Senegal, angatisumire."

Mphindi zanga zotsala ndinazimalizira panja pansi pa mtengo wa mango, kalasi yonse itaima kumene mphepo imachokera, agalu awiri a mlonda atakhala patsogolo penipeni. Iwowo ndiwo anamvetsera mpaka kumapeto, koma mpunga nditawapatsa ananunkhiza n'kuchoka.

Afalansa amachonga pa 20. Ndinapeza 14, ndipo m'mphepete aphunzitsi analemba kuti 6 yotsalayo yapita ndi nsomba. Pakutha pa mwezi alandilodi anabweretsa lisiti la galimoto yopopa ija, akuti tigawane pakati poti chimbudzicho timagwiritsa ntchito tonse. Ndinalipira osafunsa funso.