Kuyeza progesterone m'magazi a hatchi yaikazi: tsiku ndilo limamasulira nambala

Chipangizo choyezera progesterone mwamsanga chimayankha funso limodzi lokha: kodi m'thumba la mazira muli CL yomwe ikugwira ntchito panopa? CL, dzina lake lonse corpus luteum, ndi kamnofu kamene kamamera pamalo pomwe dzira laphulika, ndipo ndi iyo imene imapanga progesterone, homoni yothandiza kusunga bere. Chipangizocho sichinena kuti hatchi ili ndi bere, sichinenanso kuti dzira lituluka mawa. Zimenezo timazidziwa tikaika nambala imene chipangizo chapereka pambali pa tsiku limene dzira linatuluka komanso pa zomwe sikani (makina ounikira m'mimba) yaonetsa.

Hatchi yaikazi imabwereza nyengo yake pakadutsa masiku pafupifupi 21. Masiku 5 mpaka 7 imakhala ikufuna mphongo, ndipo dzira limatuluka kutatsala tsiku limodzi kapena awiri kuti nyengoyo ithe. Nthawi yonseyi progesterone imakhala pansi pa 1 ng/mL (ng/mL ndi muyeso wa kuchuluka kwake m'magazi). Dzira likangotuluka imayamba kukwera, imadutsa 1 ng/mL pasanathe masiku awiri, n'kufika pachimake cha m'ma tsiku la 5 mpaka la 7. Ngati palibe bere, chiberekero chimatulutsa homoni yotchedwa prostaglandin cha pa tsiku la 14 kapena 15, CL imafota, progesterone n'kugwa. Labu ina imalemba mu nmol/L. 1 ng/mL ndi pafupifupi 3.18 nmol/L, ndiye onani muyeso musanachite mantha kapena kusangalala ndi nambala.

Magazi timatenga pa mtsempha waukulu wa m'khosi, mamililita ochepa chabe akukwana. Gwiritsani ntchito botolo lopanda kanthu la chivindikiro chofiira, kapena la heparin (mankhwala oletsa magazi kuundana) ngati malangizo a chipangizo chanu akulola plasma, madzi a m'magazi osaundana. Mabotolo okhala ndi gel pansi ndi bwino kuwapewa, chifukwa gel ija imatha kuyamwa progesterone magazi akakhalitsa, nambala n'kutsika yokha. Asiyeni magazi aundane, apukuseni pa centrifuge (makina ozunguza mabotolo), kenako mupatule msanga madzi amene akhala pamwamba. Akaoneka ofiira, ndiye kuti maselo aphulika, mwina chifukwa chokoka mwamphamvu kapena kukhutchumula botolo, tenganinso ena.

Zipangizo zilipo za mitundu iwiri. Makina monga mini VIDAS ndi Immulite amapereka nambala yeniyeni. Tizipangizo tam'khola timangosintha mtundu, ndipo apa ndi pomwe ophunzira amasokonezeka kwambiri: pa tambiri mwa ito, mtundu ukamakula ndiye kuti progesterone ndi yochepa, ukamazimiririka ndiye kuti ndi yambiri. Chifukwa chake n'chakuti progesterone ya m'magazi imalimbirana malo ndi ina yomwe yamangiriridwa ku enzyme, ndipo enzymeyo ndi imene imabweretsa mtundu. Choncho chilichonse chofooketsa enzyme chimakunamizani kuti progesterone yakwera. Mankhwala a tizipangizoti amasungidwa mufiriji pa 2 mpaka 8 °C, ndipo mukawagwiritsa ntchito akadali ozizira mtundu umatuluka wotuwa. Zimachitikanso chimodzimodzi mukawerenga nthawi isanakwane kapena mankhwala atasukuluka. Aturutseni msanga kuti afunde, ikani wotchi pafupi, ndipo nthawi zonse yerekezani ndi control, chitsanzo chodziwika kale mlingo wake.

Kuyezaku kumathandiza kwambiri pa hatchi imene ikukana mphongo. Yaimuna ikayandikira, iyo imagoneka makutu n'kumenya mateche, sabata ndi sabata, mwini wake n'kumati yauma. Zifukwa zikhoza kukhala zitatu ndipo chithandizo chake n'chosiyana. Nambala ikakhala yokwera ndipo sikani yatsimikiza kuti mulibe bere, nthawi zambiri ndi CL yomwe yakana kufota, imene ingakhale miyezi iwiri kapena itatu. Apa jakisoni wa prostaglandin amagwira ntchito: cloprostenol 250 µg kapena dinoprost 5 mpaka 10 mg mumnofu, ndipo patapita masiku ochepa hatchi imayamba kufuna mphongo. Dinoprost amatulutsa thukuta lochita kudontha pamimba ndipo nthawi zina mimba imapota kwa kanthawi. Muuzeni mwini hatchi musanabaye. Nambala ikakhala pansi pa 1 ng/mL, prostaglandin ndi kutaya ndalama, chifukwa palibe CL yoti aifotetse. Mwina hatchiyo ili pa nyengo koma sikuonetsa, monga zimachitira zoyamwitsa zimene zikuteteza mwana, kapena mazira sanayambe n'komwe kugwira ntchito chaka chimenecho. Yezaninso pakatha masiku 7 mpaka 10: ikakhalabe pansi, dzira silinatuluke. Kumbukiraninso kuti CL yosakwana masiku 5 simvera bwino jakisoni ameneyu, ngakhale nambala itayamba kale kukwera.

Nkhani ya chaka ndi yofunika chifukwa hatchi imaswana masiku akamatalika. Ku South Africa oweta mahatchi a mpikisano a Thoroughbred amayamba kukweretsa mu September, pomwe ku Britain amayamba pakati pa February. Kumayambiriro kwa nyengozi hatchi imatha kufuna mphongo kwa masabata angapo popanda dzira kutuluka, ndipo progesterone yoyamba kudutsa 1 ng/mL ndi umboni wakuti chaka chayambadi.

Pa bere ndi pomwe nambala imapusitsa anthu odziwa omwe. Progesterone yokwera pa tsiku la 18 mpaka 20 imapatsa chiyembekezo, koma CL yokana kufota imaperekanso nambala yomweyo, n'chifukwa chake nambala siingalowe m'malo mwa sikani ya pa tsiku la 14 mpaka 16, makamaka poti ndi iyo imaonetsa mapasa. Madokotala ambiri a ziweto amatenga 4 ng/mL ngati malire oyambira kuda nkhawa kumayambiriro kwa bere. Ine ndikuona kuti kuyamba mankhwala chifukwa cha nambala imodzi yotsika pang'ono n'kupupuluma, poti progesterone imakwera n'kutsika m'tsiku lomwelo. Bwerezani kaye. Ngati mwayamba altrenogest, yomwe imagwira ntchito ngati progesterone ndipo imagulitsidwa pa dzina la Regu-Mate, muyeso wake ndi 0.044 mg pa kilogalamu iliyonse tsiku lililonse pakamwa. Zipangizo zambiri siziiona altrenogest, ndiye nambala imene mukupeza ndi ya hatchi yeniyeniyo, ndipo imakuthandizani kudziwa ngati mungasiye mankhwala. Amalowa pakhungu, valani magolovesi, ndipo mayi woyembekezera asawagwire.

Kuyambira cha pa tsiku la 35 mpaka 40, chiberekero chimayamba kutulutsa homoni ya bere yotchedwa eCG, ndipo ma CL ena owonjezera amamera, nambala n'kukweranso. Bere likafa nthawi imeneyi, eCG imapitirirabe mpaka cha m'ma tsiku la 120, ndipo progesterone ingaoneke yabwino mwana atafa kale. Kenako nsengwa imatenga udindo, koma imapanga mahomoni ena a mtundu womwewo, osati progesterone yeniyeni. Pofika masiku 180 mpaka 200, pa bere la masiku pafupifupi 340, progesterone imatsikiratu ngakhale mwana ali bwinobwino. Zipangizo zina zimawerengako mahomoni a nsengwawo, zina ayi, ndiye hatchi imodzi ya bere la miyezi 7 ingapereke nambala ziwiri zosiyana kwambiri pa makina awiri. Mukamalondola bere lalikulu chonchi, gwiritsani ntchito makina amodzi omwewo nthawi zonse, ndipo sikani ya nsengwa itsogole.