Ndinapita kukafunsa mavolontiya, mayankho enieni anali kwa omwe anasiya

Ndangomaliza kumene atachimenti yanga ku kabungwe kena kakang'ono kuno ku Kasungu, kamathandiza sukulu za mkombaphala cha ku Chamama ndi kwa Wimbe, nde ntchito yomwe anandipatsa inali ya kafukufuku, kufunsa mavolontiya ndi anthu omwe amatipatsa ndalama kuti bungweli akuliona bwanji. Kukalasi tinaphunzira kale kalembedwe ka mafunso, ndinangowaika mu KoboCollect, pulogalamu ya pafoni yolembera mayankho a kafukufuku, kuvala tisheti ya bungwe, ulendo.

Sabata yoyamba aliyense ankangoti zonse zili bwino. Mayi ena ophika phala ndinawapeza pa mafuwa moto utazima kale, mphika wa likuni usanatsukidwe, ndikuwafunsa kuti mukukhutira bwanji kuyambira 1 mpaka 5, iwo anangoyang'ana a tcheya a komiti omwe anakhala pa benchi pompo nkuti "mwananga lemba yabwinoyo". Pamenepo mpomwe ndinamvetsa zomwe aphunzitsi ankatiuza zija, munthu sangadandaule kwa amene wavala malaya a anthu omwe amabweretsa ufa. Ndinasiya tisheti kunyumba, nkumafunsa munthu payekha, ndipo manambala aja ndinawataya, ndinkajambula zinthu pansi, sopo, njinga, maphunziro, kuyenderedwa, nkumupatsa munthu njere 10 za chimanga kuti agawe malinga ndi chomwe chikumuvuta kwambiri. Apo anthu anayamba kuyankhula ndithu.

Koma chomwe chinasintha zonse ndi mlezi wina wachitsikana amene anandifunsa kuti achimwene mukufunsa ife otsalafe, nanga anzathu anasiya aja mukawafunsa liti? Mndandanda womwe ndinatenga ku ofesi unali wa omwe akugwirabe ntchito okha basi, kutanthauza kuti anthu okhumudwa kwambiri sanali pa pepala langa nkomwe. Tinatsegula kaundula wakale wa komiti nkuyamba kuwatsata mmodzimmodzi.

Ine ndinkadziwiratu kuti nkhani ikhala alawansi. Inatchulidwadi, ndipo ndi zoona, chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 ndalama ya transipoti yopitira ku msonkhano wa pamwezi siikwananso kabaza kupita ndi kubwera, munthu amaonjezera za mthumba mwake pa ntchito yosalipidwa. Enanso anati misonkhano timaiika mu Januwale ndi Febuluwale anthu ali pa kalikiliki kupalira, kubandira, kuthyola fodya, ngati kuti ofesi siidziwa kuti kuno ndi ku Kasungu. Koma njere zambiri sizinagwere pa ndalama ayi. Bambo ena ndinawapeza m'chigafa akusoka fodya, manja akuda bii ndi phula la masamba, sanasiye nkusoka komwe, anangoti "zaka zonsezi ndimalemba mafomu a ana mwezi ndi mwezi, kupalasa njinga kukasiya, palibe anabwerapo kudzandiuza kuti anawerengedwa kapena anangoyatsira moto". Mawu amenewo andikhalabe mumtima mpaka pano, chifukwa mafomuwo ndinawaona ndi maso anga ku ofesi, amalowadi mu kompyuta, amapitadi mu malipoti, kungoti palibe amabwerera kumudzi kukanena.

Mbali ya opereka ndalama ndinaichita pafoni. Chiimitsireni boma la America thandizo la USAID mu Januwale 2025 timabungwe tating'ono ngati kathuka tikudalira kwambiri anthu wamba, amayi a mvano, ogulitsa m'mashopu pa boma, ndi ana a konkuno omwe ali ku Johannesburg amatumiza pa Mukuru, ena pa Airtel Money kapena Mpamba. Fomu yaitali yomwe ndinatumiza pa WhatsApp anayankha ochepa zedi, bando ndi yodula komanso anthu ali kuntchito, koma nditafunsa funso limodzi lokha pa voisi noti mayankho anabwera mpaka usiku. Nde zomwe ankanena zinali zomwe zija za m'chigafa, timatumiza koma sitimva kuti zathera pati. Mkulu wina wa ku Joni anati zithunzi za ana atagwira makapu waziona zokwanira, iye akufuna adziwe kuti ndalama yake inagula matumba angati a soya, pa mtengo wanji, anapita sukulu iti, ndipo anasiya kutumiza osati chifukwa chokaikira kuti tikuba ayi, anangotopa nkukhala chete kwathu.

Mu lipoti langa ndinalemba zinthu zochepa, kuti misonkhano ichoke nyengo ya kumunda, kuti aliyense wotumiza kangachepe azilandira uthenga wonena zomwe zagulidwa, komanso kuti wosiya ntchito azifunsidwa chifukwa chake asanaiwalike. Chomwe ndinalimbikira kwambiri kwa abwana ndi mafuta a njinga yamoto kuti zotsatira za kafukufukuyu ndikazinene ndekha kwa omwe ndinawafunsa, chifukwa kupanda kutero ndikhala ndawalembetsa fomu inanso yosamva mathero ake. Avomera, Lachisanu ndikupita ku Chamama ndi mapepala aakulu aja omata pakhoma. Bambo a m'chigafa aja ndawaimbira, akuti abwera ngati mabelo awo a fodya atakhala kuti anyamuka kale kupita ku msika wa fodya wa Chinkhoma.